Nyumba ya a Medson m'Tauni ya Dongo

Ine ndine Alefa wa ku Kachulu, woumba mbiya, ndipo pakamwa panga palibe anasokapo. Ondidziwa amati ndimalankhula ngati ndatafuna tsabola. Anene, ndi pakamwa pawo. Nthawi imene ndikunenayi inali ya chipani chimodzi, pamene amuna athunthu a ndevu zawo ankayamba acheuka asanatsokomole, ndiye pankafunika wina atsale ndi lilime.

Amuna anga anali a Medson, okhoma zidebe. Ndowa, makoloboyi, mbaula, chilichonse chamalata chodontha kuyambira pa doko mpaka kwa olima mpunga ku Likangala chinkadutsa m'manja mwawo. Koma chimene anthu ankawakondera si zidebezo ayi, anali masewera. Anawatola ku Zomba kwa mphunzitsi wina amene ankamukonzera ndowa, n'kubwera nawo kuno, kadayisi ka fupa la ng'ombe kali m'thumba. Ife tinawatcha Ulendo.

Masewera ake ndi otere. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kusankha kukhala munthu wina, uyu mlenje, uyu sing'anga, uyu wakuba wodziwa kukwera mipanda. Chotsekera cha botolo ndiye munthu wakeyo, amachikankha ndi chala. Mmodzi yekha sasankha, ameneyo ndiye woyendetsa. Iye ndi amene amanena tauni imene alendowo afikamo, anthu okhalamo ndi chimene chavuta kumeneko. Ukafuna kuchita chinthu chovuta, kaya kunamiza mlonda kaya kuwoloka mtsinje wodzaza, umaponya kadayisi, kakakukana wakanika basi. A Medson anawonjezapo lamulo lawolawo limodzi: wosewera akafika pakhomo lililonse n'kunena kuti odi, woyendetsa ayankhe. Ankati kwathu kuno sitisiya munthu ali chiimire pabwalo, ndiye m'masewera tingayambe bwanji mwano umenewo.

Mphepo ikavuta panyanja, mabwato ali kumtunda, asodzi ankadzaza m'chisakasa chowambiramo nsomba, a Medson ali pakati. Matauni ankangotuluka m'mutu mwawo ngati ali ndi nkhokwe mmenemo. Ine ndinkakhala kuseri kwa chisakasacho ndikuumba mitsuko yanga, kumanamizira kuti za amuna sizindikhudza, chonsecho khutu lili konko.

Amuna anga anawatenga chifukwa cha kuseka. Tsiku la msika ndili ndi pakati pooneka, anyamata a chipani anamanga chingwe panjira n'kumafunsa makhadi. Langa ndinawaonetsa. Iwo akuti ndionetsenso la amene ali m'mimbayo. A Medson anangoti mwanayo akabadwa adzamufunse yekha ngati akulifuna. Anthu anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunawadya amuna anga. Sabata isanathe galimoto inaima pakhomo dzuwa lili pamutu, n'kuwanyamula akukhoma ndowa ya munthu. Ndowayo inatsala yopanda chogwirira, hamala ili mkati.

Zotsatira zake n'zimene zinandiwawa kuposa galimotoyo. Dzina lawo linasowa. Kutchalitchi akamapempherera odwala ndi apaulendo, pofika pa iwo ankalumpha ngati akulumpha matope. Mwana atabadwa ndinamutcha Sophia, ndipo mudzi wonse unapumira m'mwamba, poti tsopano anapeza pondiitanira, amake Sophia, osatchulanso za mwamuna. Ndinapita ku Zomba kukafunsa, anandiuza kuti ndibwerere ndikalere mwana. Ndinapita kwa akulu awo a Medson, alamu anga a Edwadi, amene anali tcheyamani wa chipani cha ku Likangala kuja. Anandilandirira panja, osandipatsa ndi mpando womwe, n'kundiuza kuti m'banja mwawo mulibe munthu wa dzina limenelo. Mayi mmodzi, bere limodzi! Ndinawayang'ana mpaka anayang'ana kumbali.

Ndiye ndinakhala choncho, wokwatiwa ayi, wamasiye ayi. Kulira sindikanalira chifukwa maliro panalibe, kumeta sindikanameta. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, choti munthu wina, aliyense, atsegule pakamwa anene kuti Medson, mwana wanga amve kuti bambo ake anali munthu, sanali mphepo.

Asodzi aja anapirira nyengo imodzi, kenaka Ulendo unawasowa. Kadayisi anakatenga Issa. Issa ameneyu ndi chimunthu chachikulu, bambo wa ana ake, woti akhoza kukoka bwato yekha kulitulutsa m'matope, koma lilime lolemera ngati mwala wa mphero. Tauni yake yoyamba inali ya msewu umodzi. Aliyense wokumana naye dzina lake Amidu, ndipo Amidu aliyense ankagulitsa mchere. Osewera anayamba kuwodzera. Falida, mayi wogula matemba amene ankakhala nawo pa tebulo ngati mwamuna, anamufunsa ngati m'tauni imeneyo muli ndi mbuzi yomwe yosatchedwa Amidu. Anayesa wina, zinali chimodzimodzi. Kuponya kadayisi aliyense amatha, koma kutulutsa tauni m'mutu anthu akukuyang'ana ndi ntchito ina.

Issa anabwera kwathu akupotokola kofia yake m'manja. Anati akudziwa kuti ndinkamvetsera kuseri kuja, ndiye mwina ndingamukumbutseko matauni a eni ake a dayisi. Eni ake a dayisi! Ndinamufunsa kuti eni akewo alibe dzina kodi. Iye maso pansi. Ndinamuuza kuti munthu wofuna matauni a mnzake koma woopa dzina lake achoke pakhomo panga ndisanamuthire madzi a dongo, ndipo anachokadi, chimunthu chonse chija.

Koma manja anga ali ndi nzeru zawozawo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinapeza kuti m'malo mwa mtsuko ndapama dongo lathyathyathya, kukula ngati lichero, ndipo ndikuimikapo tinyumba tonga chala chachikulu. Ndinalemba misewu ndi kamtengo. Ndinaika msika, chitsime, mzikiti uku tchalitchi uku, mlatho, manda kuseri. Chilichonse ndinachimata ndi pansi pake dongo lidakali lofewa, kuti tauniyo ikapsa ikhale chinthu chimodzi, munthu aziinyamula m'bwato popanda kanyumba kogwera m'madzi. Itauma ndinaiwotcha pamodzi ndi miphika, inatuluka yakuda bii, yolira ngati belu ukaigogoda.

Ndinatuma uthenga kuti Issa abwere. Ndinamukhazika pansi n'kumugwira chala ngati mwana wa sukulu, kumachiika pa nyumba iliyonse. Umu mumakhala mayi wotcheza kachasu, mbuzi yake yasowa ndipo akuganizira mpongozi wake. Umu muli wowolotsa anthu pamtsinje amene amaopa madzi, ndiye tsiku lililonse amapeza chifukwa. Wa sitolo uyu ali ndi masikelo awiri, ina ya anthu akuno ina ya alendo. Ndinamuuza kuti pa munthu aliyense agwire zinthu zochepa, chimene akufuna, amene amadana naye ndi mmene amalankhulira, zinazo osewera adzabweretsa okha. Ndinamuuzanso kuti asamayambire alendo kwa akuluakulu, aziwayambira pachitsime, chifukwa nkhani za tauni iliyonse zimakhala ndi otunga madzi. Maso a Issa anayamba kuwala.

Kenaka ndinaika chala chake pa nyumba yomaliza, ya m'mphepete mwa msewu wolowera, imene pakhomo pake ndinaumbapo kandowa kakang'ono ngati njere ya chimanga.

"Apa pamakhala a Medson, okhoma zidebe," ndinatero. "Amaseka kwambiri, ndipo za m'tauni muno amadziwa zonse. Mutu ukaima, nkhani ikakuthera, atumize alendowo kwa iwo, adzawalozera kolowera."

Issa anachotsa chala ngati wagwira khala la moto. Anandipempha kuti mwina nyumba imeneyo tiitche dzina lina, ngakhale Amidu. Ndinamuuza kuti tauni yanga ndimapereka yonse, yoduka sindipereka, akafuna atenge akapanda kufuna abwerere ku mchere wake. Kenaka anavula malaya, anaikulunga bwinobwino, n'kunyamuka nayo atayifungatira.

Tsiku lotsatira la mphepo ndinakhala pamalo panga kuseri kwa chisakasa. Issa anayamba bwino ndi mbuzi ija, koma posakhalitsa mutu unaima monga ndinkadziwira. Ndinamva mawu ake otsika akuti mwina alendo akafunse kwa okhoma zidebe. Falida anakankha chotsekera chake n'kunena kuti odi. Ndipo Issa, poti lamulo ndi lamulo, anayankha kuti alowe, afika kwa a Medson. Ine kuseri kuja mtsuko unandiphwanyikira m'manja. Ndinalira, inde, koma mwakachetechete, Sophia ali kumbuyo.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera. Wina wochokera pa chilumba cha Chisi anawoloka dala kudzapempha tauni. Ena anali a m'zimbowera, timisasa toyandama tija asodzi amagonamo pakati pa nyanja, kumene munthu amatopa ndi kuyang'ana madzi. Olima mpunga a ku Likangala nawo anatuma wawo. Onsewo anali oyendetsa atsopano, ofuna koma osadziwa poyambira, ndipo aliyense ndinkamukhazika pansi n'kumugwira chala. Matauni anga sankafanana. Ina inali ya pamwamba pa phiri yosowa madzi, ina ya pachilumba yolamulidwa ndi akazi okhaokha, ina yoti usiku anthu ake onse amasanduka akhwangwala. Koma iliyonse, polowera, inali ndi nyumba ya kandowa pakhomo. Ndipo poti woyendetsa watsopano mutu umaima kawirikawiri, nyumba imeneyo ndi imene inkagogodedwa kuposa zonse. Amuna omwe aja oopa kutsokomola ankatchula dzinalo tsiku lonse, akudziuza kuti ndi masewera chabe. Sophia anaphunzira kunena kuti Medson asanadziwe kunena kuti madzi.

Zinthu zotere sizikhalitsa zisanafike m'makutu olakwika. Tsiku lina m'mawa ndikukanya dongo ndinaona njinga ya a Edwadi ikutsamira pa mtengo wa bwemba. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuwazungulira khosi. Sanafunse za mwana. Anati nkhani yafika kumtunda yoti ku Kachulu kuli mayi amene akufalitsa dzina la chigawenga m'zidole za dongo, ndipo kukubwera bwana wa chipani kuchokera ku Zomba kudzaona yekha. Anati iwo andichonderera kale kwa bwanayo, amuuza kuti ndi masewera a asodzi opanda vuto. Chofunika n'chakuti kanyumbako kachoke, masewera achitike pamaso pa bwanayo popanda dzinalo, nkhani ithe. Ndikakana, matauni onse akaponyedwa m'nyanja, ndipo ine ndikwera galimoto yomwe ija.

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma mkwiyo unali pamwamba pa manthawo. Ndinawafunsa kuti chigawengacho ndi chiti, achitchule dzina kuti ndidziwe kanyumba koyenera kuchotsa, poti tinyumba tilipo tambiri. Anangoti ndikudziwa. Ndinawauza kuti ine ndimaumba, sindigumula, ndipo ngati nyumbayo ikuwasowetsa tulo adzaigwetse okha ndi dzanja lawo anthu akuona. Anakwera njinga osatsanzika.

Bwanayo anabwera tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo. Anali wa suti yakuda, kansalu kali pamphuno chifukwa cha fungo la mlamba wowamba, ngati kwawo sadya nsomba. Anamuikira mpando m'chisakasa. Anthu anadzaza mpaka panja, ogula, ogulitsa, asodzi, amayi a madengu pamutu. Pa tebulo panali tauni yoyamba ija, ya mbuzi yosowa. Issa anakhala kumutu kwa tebulo thukuta likutsika m'ndevu, Falida ndi asodzi ena atakhala m'mbali ndi zotsekera zawo. Ine ndinaima pafupi ndi mzati, Sophia atandigwira chitenje.

A Edwadi analankhula mawu ambiri otamanda chipani, kenaka anandiyang'ana komaliza ngati ndisinthe maganizo. Ndinapinda manja pachifuwa. Ndiye anatenga chikwanje cha munthu wina n'kuchitembenuza kuti amenye ndi kumsana kwake. Koma asanamenye anachita chinthu chimene iwo eni sanachizindikire. Anavula chipewa n'kuchiika pambali. Anamenya kamodzi, kanyumbako kanaphwanyika, kandowa kaja kanagubuduka mpaka pa phazi langa. Pamalo pake panatsala chipsera chofiira pakati pa dongo lakuda.

Bwana wa ku Zomba sanaone kanthu pa chipewacho, mwina anaganiza kuti ndi kutentha. Koma amayi achikulire amene anaima kumbuyo kwanga anasiya kupuma. Kwathu kuno nyumba ya munthu sitigwetsa mwini wake ali moyo. Imagwetsedwa akamwalira, amagwetsa ndi abale ake, ndipo amene akugwetsayo amayamba wavula chipewa. Ine ndinamvetsa pomwepo. Ndinawerama n'kutola kandowa kaja, ndinakafumbata.

Masewera anayamba. Issa anayendetsa ndithu, alendo anafika pachitsime, anamva za mbuzi, anakangana ndi wa sitolo wa masikelo awiri. Wakuba anaponya kadayisi kuti alumphe mpanda wa mpongozi uja, kanamukana, anagwera m'khola la nkhumba, anthu n'kuseka. Bwanayo nayenso anamwetulira kuseri kwa kansalu kake. A Edwadi anayamba kupuma bwino, anatenganso chipewa chawo n'kuvala.

Itafika nthawi ya Falida, iye sanafunse munthu. Anaika chala pa chotsekera chake, anachikankha pang'onopang'ono kudutsa msika, kudutsa mlatho, mpaka pa chipsera chofiira chija.

"Odi," anatero.

Issa anandiyang'ana. Kuyambira tsiku loyamba munthu ameneyu anali asananenepo mawu amene sindinamuike m'kamwa ndine, ndipo tsopano maso ake ankandipempha. Ine sindinamupatse kanthu, ndinalibenso choti ndimupatse. A Edwadi anati pamenepo palibe nyumba, masewera apitirire. Falida anayankha mwaulemu wonse kuti iye wanena odi, ndipo lamulo la masewerawa aliyense akulidziwa.

Issa anapukuta nkhope ndi kofia. Atatsegula pakamwa sanatulutse mawu ake, anatulutsa a nkhalamba yachikazi, ngati ya nyumba yoyandikana nayo ikulankhulira pa mpanda.

"Eni ake kulibe, mwana wanga. Anachoka ndi galimoto, ntchito ili m'manja. Khalani pansi muwadikire."

Falida anati mlenje wake wakhala pansi. Msodzi wotsatira, m'malo moponya kadayisi, anakankha chotsekera chake mpaka pomwepo n'kunena kuti nayenso wakhala. Winayo chimodzimodzi. Wakuba uja anatuluka m'khola la nkhumba n'kudzakhala nawo. Zotsekera zonse zinazungulira chipseracho, kadayisi kali pambali popanda wokakhudza, ndipo anthu onse aja anangoima duu kuyang'ana pa tebulo.

Bwanayo anachotsa kansalu pamphuno n'kufunsa chifukwa chimene masewera aimira. Issa anati sanaime, alendowo akudikira, ndipo woyendetsa sangakankhe chotsekera cha munthu. Anafunsa kuti akudikira ndani. Dzina silinatchulidwe, monga analamulira, ndiye akanamugwira ndani, pa mlandu wanji? Wokhala pansi? Anatembenukira kwa a Edwadi n'kuwafunsa ngati umu ndi mmene amayendetsera dera lawo. A Edwadi anayamba kukalipa kuti anthu asiye zachibwana, achotse zotsekerazo, koma mawu awo ankatuluka opyapyala, ndipo palibe chala chinasuntha.

Apo m'pamene ndinachoka pa mzati paja. Ndinafika pafupi nawo moti ndinkamva fungo la thukuta lawo, ndipo sindinakweze mawu.

"Alamu, nyumba mwagwetsa ndi dzanja lanu, ndipo munayamba mwavula chipewa. Tonse taona. Ndiye tiuzeni, anthu awa adikire kapena asadikire?"

Dzanja lawo linapita lokha kumutu kukagwira chipewacho. Anayang'ana bwanayo, anayang'ana zotsekera zija, kenaka anayang'ana Sophia, amene nkhope yake ndi ya bambo ake yeniyeni, ndipo ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kumuyang'anitsitsa.

"Asadikire," anatero. "Medson sabwera. Mng'ono wanga anamwalira m'ndende mwana uyu asanayambe kukwawa. A boma anandiitana n'kundiuza, n'kuti ndikatsegula pakamwa nditsatira."

Nthawi yonse ija. Ine ndikupita ku Zomba wapansi, ndikusunga ndowa yopanda chogwirira kuti eni ake adzamalize, munthu uyu akudziwa, akudya, akugona. Ndinkafuna kumulavulira, ndinkafuna kumukanda nkhope. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali china, chimene chinakhala pakhosi zaka zonsezo. Ndinagwira kumutu n'kulira maliro, kulira kwenikweni kwa mkazi woferedwa, ndikuitana dzina la amuna anga mokweza moti a m'mabwato kutali anamva.

Falida anandilandira. Amayi a madengu anatula madengu awo pansi n'kulandira nawonso, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, ndipo dzina lija loletsedwa linayenda pa doko lonse kuchokera pakamwa kupita pakamwa. Ogulitsa anayamba kuphimba malonda awo, poti pamaliro sipachitika msika. Amuna anavula zipewa. Bwana uja anaimirira n'kunena zinazake zokhudza msonkhano wosaloledwa, koma ndani ankamumva? Munthu angaletse masewera, koma amayi a doko lonse akayamba kulira maliro palibe suti imene ingawatseke pakamwa. Anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka pa galimoto yake, ndipo palibe anamupatsa njira mwaulemu.

Mawa lake tinaika maliro. Thupi panalibe, ndiye tinachita monga timachitira munthu akamira osapezeka, tinakulunga thunthu la nthochi m'nsalu. Ine ndinaikamo hamala ija. Anthu anabwera ochokera pa Chisi ndi m'zimbowera, ambiri a iwo oti a Medson sanawaonepo ndi maso, amangowadziwa pa khomo la kandowa. Pambuyo pake ndinameta mpala, ndipo ndinayenda nawo pamsika popanda duku kuti aliyense aone.

Ku boma anandiitana, inde. Anandisunga pa benchi tsiku lonse n'kumandifunsa za dzina la chigawenga. Ndinawauza kuti pa tsikulo dzinalo sindinayambe kutchula ndine, anayamba ndi tcheyamani wawo pamaso pa bwana wawo, ine ndinangolira monga amalirira mkazi aliyense. Anandiopseza, anandiuza kuti akundiona, kenaka ananditulutsa. Matauni ena anawalandadi n'kuwaphwanya. Ndinawauza anyamata a chipaniwo kuti dongo la kudambo silinathe ndipo manja anga sanaduke. A Edwadi anawachotsa pa utcheyamani mwezi usanathe, ndipo amene ankawagwadira aja anayamba kuwoloka msewu akawaona.

Issa sanafunenso tauni yopangiratu. Kuyambira tsiku la nkhalamba ya pa mpanda lija lilime lake linamasuka, anayamba kutulutsa zakezake, mpaka ndinachita kumuuza kuti azipatsako ena mpata wolankhula. Koma oyendetsa atsopano sanasiye kubwera, ndipo ine sindinasiye kuwagwira chala. Ena ankandinong'oneza kuti poti maliro tinaika, mwina kanyumba kaja kapume tsopano. Ndinkawafunsa ngati anaona manda a munthu wa m'masewera. Ndinayamba kukaumba kokulirapo kuposa kale, ndi khonde lomwe.

Mphepo ya chaka chotsatira itayamba, tsiku lina masana ndinabweretsa tauni yatsopano m'chisakasa kuti Issa aiyese ndisanaipereke kwa munthu wa pa Chisi. Masewera ali mkati kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali a Edwadi, opanda njinga, opanda baji ya chipani, malaya ong'ambika paphewa. Palibe anawapatsa moni, palibe anawasunthira. Anaima pamenepo kanthawi, kenaka anawerama n'kutola chotsekera cha botolo chimene chinali pansi m'fumbi. Anachipukuta pa buluku, anachiika m'mphepete mwa tauniyo, n'kuchikankha ndi chala mpaka pa khomo la kandowa.

"Odi," anatero, mawu osamveka bwino.

Issa anatembenuka kundiyang'ana, Falida nayenso. Ndikanangopukusa mutu, munthu ameneyu akanatulutsidwa ngati galu, ndipo mtima wanga unkafuna zimenezo kwambiri. Sindinawakhululukire tsiku limenelo, ndipo musandifunse ngati ndinadzawakhululukira. Koma nyumbayo si yanga, ndipo mwini wake lamulo lake analisiya.

"Ukundiyang'ana chiyani?" ndinamufunsa Issa. "Ayankhe. Pakhomo pa a Medson sipanabwererepo munthu, ngakhale wotere."